Maso a khoka ndi dengu lanu lobooka

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa? Ndine Mateyu, mwana wanu wovuta uja. Ndikudziwa kuti kuwerenga simunkatha, ndipo munkati zilembo zanga zili ngati mapazi a nkhuku pamatope, koma kumeneko anthu ophunzira sangasowe. Pezani mmodzi wofatsa akuwerengereni, ndipo mumuuze kuti asadumphe mawu, ngakhale pamene ndikukutsutsani. Pakuti lero ndikutsutsani, Amayi. Ndaneneratu.

Koma ndiyambe ndi za kumudzi, mungati ndilibe mwambo. Mlongo wanga Esinati anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Ali ndi mphumi yanu yomwe ija. Akakwiya salira, amangomuyang'ana munthu mpaka munthuyo achite manyazi. Mpunga wa kudambo unabereka bwino, koma chimanga cha kumtunda kapuchi anachilowa, moti ufa chaka chino tikuchita kusinthanitsa ndi nsomba. Nyumba yanu denga linagwa mbali ya kunyanja. Mkazi wanga Dorika anatolera zinthu zanu n'kuziika kwathu: mphika wa ndiwo, mkeka, ndi dengu lanu lija lobooka pansi, limene munkakana kutaya. Mpapaya umene munabzala kuseri kwa nyumba wayamba kubereka, koma ndi wozizira, wosakoma. Ndikanakunamizani kuti ndi wotsekemera, koma mukundidziwa.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa pensulo.

Mukukumbukira tinsomba tija tinkatola padoko? Abambo atamira ndi bwato popita ku chilumba cha Chisi, inu munalibe khoka, munalibe mono, munalibe mwamuna wokupherani nsomba. Munali ndi dengu basi. M'mawa asodzi akakocheza, ankasankha makumba aakulu ndi milamba, tating'ono tonse n'kukhuthula pansi. Inu ndi mnzanu Abiti Sumani munkagwada m'matopemo n'kumatola, ine ndi Esinati tikuthamangitsa akhwangwala. Tinakulira timeneto. Tinali towawa m'mimba, taminga, koma chaka cha njala ija sitinagone m'manda chifukwa cha ito. Tsiku lina ndinakufunsani kuti tinsomba timeneti amayi ake ndani. Munati: “Idya usanafunse, Mateyu. Timeneti ndi tosakula. Mulungu anatilenga choncho kuti amasiye apeze ndiwo.” Ine ndinakhulupirira. Zimene mayi wanena ali ndi chipande m'manja mwana satsutsa.

Masiku ano zinthu zasintha. Amalonda a njinga achuluka, ena akuchokera ku Zomba, ena ku Limbe, ndipo kudoko la Kachulu kukumabwera ndi lole yomwe. Ine ndi alamu a Jemusi, amuna ake a Esinati, tinaluka khoka lathu la ulusi wa m'matayala a galimoto. Ntchito yosolola ulusi umenewo musaifunse, zala zinatha khungu. Timakocheza pakadoko kathu komwe kaja, ka m'udzu wa njeza, kumene munkatola inu. Khoka lathu ndi lalikulu kuposa aja munkawaona, ndipo maso ake tinaluka aang'ono kwambiri, oti chala chimodzi n'kulowa movutikira. Panalibe kanthu kamene kankathawa. Tikakoka, makumba abwino ankabwera, inde, koma tosakula tija tinkabwera mulu. Amalonda satifuna. Nthawi ya mvula sitiuma, ndipo nkhuni zowambira tinthu totere palibe amene angawononge. Abiti Sumani ankabwerabe ndi dengu lawo, okhaokha tsopano, msana utapindika. Ankadzaza dengu limodzi n'kumapita. Totsalato tinkaola pomwepo. Fungo, Amayi! Ntchentche zobiriwira, mphutsi, akhwangwala okhuta mpaka kulephera kuuluka.

Tsiku lina ndinaponda mulu umenewo, phazi n'kulowa mpaka m'kakolo, ndipo mtima unandiyaka. Ndinati kwa alamu: “Kodi ife ndife asodzi kapena ndife odyetsa ntchentche?”

Alamu, mukuwadziwa, sathamanga polankhula. Anayamba ayatsa fodya. Anati: “Alamu, mwayambanso. Timeneti sitikula. Ngakhale titisiye m'madzi mpaka Yesu adzabwere, tidzakhala tomweti. Apongozi anga, amayi anu enieni, ankanena zomwezo. Mukufuna kutsutsa malemu?”

Anakutchulani inu kuti anditseke pakamwa. Ndipo ndinatsekadi, koma mutu sunatseke. Ndinatola kamodzi, n'kukaika pambali pa nsomba yaikulu ya makumba. Ndinayang'ana minga ya pamsana, ndinayang'ana kamwa, ndinayang'ana mizere ya m'mbali. Amayi, kunali ngati kuyang'ana mwana wa Esinati n'kuona mphumi yanu. Ndinadzifunsa: ngati timeneti ndi mtundu pawokha, bwanji sindinapezepo kamodzi kokhala ndi mazira? Matemba ndi aang'ono, koma ukawang'amba nthawi yake umapeza mazira. Nanga ana a makumba amakhala kuti? Kodi makumba amabadwa ali aakulu kale ngati dzanja?

Mukukumbukira dzenje lija tinakumba dothi lomatira nyumba yanu? Mvula ikagwa limadzaza madzi, ndipo silikumana ndi nyanja kapena mtsinje. Ndinalowamo ndi lichero la Dorika, ndinasefa paliponse, ndinapeza achule okha. Tsiku lotsatira ndinatapa tosakula tamoyo mumtsuko, ndisanatikhuthulire pansi, ndinathamanga nato n'kukatithira m'dzenjemo. Tambiri tinafa tsiku lomwelo, mimba m'mwamba. Ndinabwerezanso, ulendo uno ndikusintha madzi panjira. Tinakhala moyo.

Ndiye anthu anapeza choseka. Amuna podutsa ankafuula: “Mateyu, ziweto zadzuka bwanji? Mwazitsekulira kale?” Wina anandifunsa ngati ndidzazimangire khola la m'mwamba kuopa afisi. Dorika naye sanandisiye, chifukwa ndinkamubera gaga wa nkhuku. Anati: “Bambo ake, nkhuku zimaikira mazira ndikuona. Zanuzo zandipatsa chiyani?” Ndinamuyankha mokalipa, iye n'kubisa gaga. Ndinaupeza, anauika mumphika wanu wa ndiwo.

Ndinkakhala m'mphepete mwa dzenjemo ndikachoka kunyanja, kumangoyang'ana. Simungakhulupirire zimene nsomba zimachita munthu akakhala chete. Zimadziwa mthunzi wa kakowa ndi mthunzi wa munthu. Zinandizolowera, moti ndikafika zinkabwera pamwamba kudzapempha. Kakowa anaba zingapo, ndipo ndinamuponya mwala n'kuphonya, mwala n'kukaswa mtsuko wa Dorika. Imeneyo ndi nkhani ina.

Pamene mpunga unkacha, madzi a m'dzenje anayamba kuphwa. Ndinaitana alamu, ndinaitana ndi aja ankandiseka, n'kulowamo ndi lichero. Amayi, khalani pansi ngati mwaimirira. Tosakula tanu tinakula. Sitinafike pa makumba a pakati pa nyanja, poti dzenje ndi dzenje, koma tina tinadzaza chikhatho changa. Anali makumba enieni, oti mwana wakhanda yemwe angawadziwe. Ndipo chimene chinandidabwitsa koposa ndi ichi: imodzi nditaigwira, inatsegula pakamwa n'kulavula tiana tambirimbiri, tating'ono ngati njere za mpunga wosweka, tamoyo, tikusambira m'madzi a m'lichero. Asodzi tonse tinaonapo makumba akulavula tinthu m'bwato, koma tinkati amadya ana a anzawo. Ine nditaibwezera m'madzi, ndinaona ndi maso anga tianato tikuunjikana pakamwa pake. Nanga kamwana kangathamangire pakamwa pa chinthu chofuna kukadya? Ndi mayi ameneyo, Amayi. Amabereka ana ake m'kamwa monga inu munkatiberekera kumsana. Ndiye amadya bwanji masiku onsewo? Kapena sadya? Funso limeneli mpaka lero likundizunguza. Ngati kumeneko kuli wodziwa, mufunseni.

Alamu anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: “Ndi gaga ameneyu. Gaga amakulitsa chilichonse.” Ndinafuna kuwaponya m'dzenjemo kuti tione ngati iwonso angakule nzeru.

Choncho munalakwitsa, Amayi. Sindikunena mwachipongwe. Tinkadya ana a makumba, ndipo mulu umene ine ndi alamu tinkaoletsa padoko unali makumba a chaka chamawa.

Ndinamasula thumba la khoka, kumene nsomba zimaunjikana pokoka, n'kulilukanso ndi maso aakulu, olowa zala zitatu. Alamu anakana poyamba. Anati matemba nawonso azithawa, ndipo pamenepo sananame, amathawadi. Ndinati matemba tiziwatchera ndi mono kumathiriro a Likangala monga ankachitira akale, khoka likhale la makumba ndi milamba. Tinakangana mpaka Esinati anatuluka ndi mwana kumsana n'kutiuza kuti tikakanganire kudambo, kumene kuli achule anzathu. Pamapeto pake alamu analola, makamaka atamva kupepuka kwake pokoka, pakuti matope ndi zinyalala zimangodutsa. Ulendo woyamba nditaona tinsomba tikutuluka m'maso a khoka, tikuthwanima m'madzi n'kumapita, ndinaseka ndekha ngati wamisala. Tinafika padoko ndi nsomba zosankhika kale. Panalibe chokhuthula pansi. Ndinaimirira ngati mfumu.

Kenaka ndinatembenuka n'kuona Abiti Sumani ataima ndi dengu lawo, akuyang'ana pansi pamene panalibe kanthu.

Amayi, ine pa zonsezi sindinawaganizireko. Ndinaganizira nsomba, ndinaganizira fungo, ndinaganizira zowagonjetsa alamu. Mayi amene anagwada nanu m'matope zaka zonse zija sanabwere m'mutu mwanga. Inu mukudziwa kuti alibe wina. Ana awo anapita ku Halale ndipo sabwera. Ku Kachulu kuli makoka ambiri ndi zotola zambiri, koma ndi miyendo imene ali nayo sangafikeko. Tinsomba timeneto ankatiyanika pakhomo n'kumasinthanitsa ndi ufa kwa anthu a kumtunda. Popanda ito, pamoto pawo palibe choika.

Ndinatenga makumba awiri aakulu ndithu, n'kupita nawo. Ndinati: “Mayi, landirani awa. Kuyambira lero muzingobwera, ndizikupatsani.”

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anati: “Iwe Mateyu, ndinakuona ukutuluka m'mimba mwa mnzanga, wofiira ngati mbewa. Lero ukufuna ndiziima pano ndi manja awiri ngati wakhate wa pamsika? Ine ndi amayi ako sitinapemphepo nsomba kwa mwamuna aliyense. Tinkatola. Chotola n'cha Mulungu, chopatsidwa n'cha mwini wake, mawa adzachiwerenga.”

Mtima wanga mukuudziwa. Munkati pakamwa panga pamafika ine ndisanafike. Ndinati: “Ndiye mufe ndi njala chifukwa cha matama? Nsomba ndi nsomba!” Anatembenuka, dengu lopanda kanthu pamutu, n'kumapita. Mawa lake sanabwere. Mkuja sanabwere. Dorika anapita kukawazonda, n'kuwapeza akuphika masamba a chinangwa opanda nsima. Anawatengera ufa, iwo n'kuubweza ndi mbale yomwe.

Alamu anati: “Mwaonatu? Bwezerani thumba lakale. Nsomba za chaka chamawa sizikulira, koma mayi uyu akufa chaka chino.” Ndipo kunena zoona, ndinalitulutsa thumba lakalelo, ndinalitambasula pabwalo. Koma ndikaganiza za nsomba ija ndi ana ake m'kamwa, manja ankakana. Ndikaganiza za Abiti Sumani, ndinkalepheranso kulipinda. Ndinakalipira aliyense masiku amenewo, mbuzi yomwe.

Chimene chinandithandiza ndi dengu lanu. Ndinkafuna choikamo ulusi, ndipo ndinalitsitsa pamene Dorika analipachika. Nditaona kubooka kwake, ndinakumbukira kanthu kena ka ubwana. Masiku ena, potola paja, tinkapeza nsomba yaikulu ili gone panjira yochokera pabwato kupita kuthandala loyanikira. Ine ndinkafuna kufuula kuti, agwetsa! Inu munkanditsina n'kunong'ona: “Chagwa kumbuyo kwa munthu, iye osacheuka, si chakenso. Asodzi ndi anthu osasamala.” Ndipo zinali zoona, lamulo la padoko ndi lomwelo mpaka lero. Koma ndinayamba kuganiza. Bwanji nsomba zimenezo zinkagwa kawirikawiri nthawi ya njala, osati nthawi ya mpunga watsopano? Bwanji zinkagwa tsiku limene Esinati ankadwala malungo? Msodzi amene amamva nsomba ikugunda ukonde pansi pa madzi akuda, angalephere kumva makumba akugwa kumbuyo kwa chidendene chake?

Ndinamutuma Dorika kwa Abiti Sumani. Ndinamuuza zonena, koma iye ananena zake, ndipo zinaposa zanga. Akuti anafika n'kudandaula: “Mayi, amuna anga aja atha nzeru. Akunyamulira nsomba m'dengu lobooka la malemu, akuti likuwakumbutsa amayi awo. Nsomba zikungogwa njira yonse, akhwangwala akudya ngati paukwati. Ine ndalankhula ndatopa.”

M'mawa mwake titakocheza, ndinawaona ataima kutali, pafupi ndi njeza, ngati akuyang'ana zina. Ndinadzaza dengu lanu, ndinalisenza paphewa, n'kuyamba kuyenda. Ndinamva phwa! kumbuyo. Khosi linafuna kutembenuka lokha, Amayi, koma ndinaliumitsa ngati mtengo. Ndinamvanso phwa! Nditabwerera ulendo wachiwiri, panjira panalibe kanthu, ndipo dengu la Abiti Sumani linali lovundikira ndi nsalu.

Anandidutsa akung'ung'udza mokweza kuti ndimve: “Mwana wa mnzanga uyu n'chitsiru. Kuweta nsomba m'dzenje, kuluka khoka lothawitsa nsomba, tsopano dengu lobooka. Mkazi wake ali pamavuto.”

Ndinati: “Mwadzuka bwanji, mayi?”

Anati: “Ndadzuka kuposa nzeru zako.”

Alamu anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Kuyambira pamenepo nsomba za m'dengu lobooka timazichotsa pa gawo la tonse awiri, ndipo anayambitsa zimenezo ndi iwo, osati ine. Muwadziwe alamu anga, pena amandidabwitsa.

Koma dengu lanu ndi lakale, ndipo kubookako kunayamba kukula. Tsiku lina theka la nsomba linakhuthukira pansi nthawi imodzi, moti ngakhale wogontha akanacheuka. Ndinaima osadziwa chochita. Abiti Sumani anabwera, anandithandiza kutola zonse n'kuziika pathandala, osatengapo ngakhale imodzi. Kenaka anandilanda dengulo. Anati: “Bweretsa kuno. Dengu la mnzanga lisathe chifukwa cha manja ako a matope. Ndikalisoka.” Ndinati musavutike, mayi, ndimalikonda choncho. Anati: “Ndakufunsa?” N'kupita nalo.

Masiku amene dengu linali kwawo ndinasowa mtendere. Ndinati basi, akalitseka, ndipo tibwerera pomwe paja: iwo ndi njala yawo, ine ndi khoka langa. Ndinayamba kuganiza zoboola lina, koma zikanaonekeratu.

Analibweretsa dzana. Analisoka bwino kwambiri, Amayi, ndi mlaza watsopano, mkombero wonse, ndi m'mbali momwe munayamba kumasuka. Ndinalitembenuza kuti ndione pansi. Pong'ambika ponse anatseka, koma pakona anasiyapo bowo, n'kulikulunga m'mphepete ndi mlaza mwaluso kuti lisakulenso. Ndinalowetsa dzanja. Ndi loti nsomba imodzi ya makumba, yapakatikati, idutse payokha, osati ziwiri.

Anati: “Mlaza unandithera pamenepo.” Ndipo m'chiuno mwawo, pa nsalu, munali mutapanidwa mlaza wotsala, wautali ndithu, ndikuuona ndi maso anga. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, pakamwa panga sipanafike patsogolo. Ndinangoti zikomo.

Ndiye funso langa ndi ili, Amayi, ndipo mundiyankhe ngakhale kutulo. Kodi inu munkadziwa? Pamene munkanditsina n'kunena kuti asodzi ndi osasamala, munkadziwa kuti akugwetsa dala? Ndipo za tosakula zija, munkakhulupiriradi, kapena munangofuna kuti mwana wanu adye osamvera chisoni chimene akudya? Pakuti tsopano ndayamba kukukayikirani. Munthu amene ankadziwa kuti mvula ibwera pongonunkhiza mphepo ya ku Chisi, sangalephere kudziwa mwana wa makumba.

Dzenje lija ndalikuza, ndipo mvula ikayamba ndidzaikamo ena, ndione ngati mayi uja amadyadi ali ndi ana m'kamwa. Anyamata a khoka lina a ku Kachulu anabwera kudzayeza maso a thumba lathu ndi zala zawo, akuseka, koma anayeza. Kaya adzachita chiyani.

Mupereke moni kwa Abambo. Muwauze kuti bwato ndimapalasa bwino kuposa iwo, asakwiye. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale munandinamiza za nsomba. Ndipo ndikulonjeza zinthu ziwiri: maso a khoka sindidzawachepetsa, ndipo pamene mnzanu ali moyo, ndikamva phwa! kumbuyo kwanga, sindidzacheuka.

Ndine mwana wanu,
Mateyu